Za Kubwezera Mitengo Yodulidwa

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Blantyre kunka ku Chikwawa apitirira Mpemba, nafika pa Madziabango asanayambe kutsetsereka kulowa m'chigwa cha Shire. Akaima pamenepo ndi kuyang'ana uku ndi uku, aona minda, midzi, ndi zitunda zambiri zopanda mitengo. Koma apa ndi apo aona kamsitu ka mitengo yaikulu yowirira, katangoima kokha pakati pa minda. Mlendo angafunse kuti, "Kodi mitengo iyi inapulumuka bwanji?" Mwana aliyense wa m'mudzi adziwa kuyankha kwake: kumeneko nkumanda.

Nthaka ya kumanda ndi yomweyo ya m'minda, mvula yake ndi yomweyo, ndipo anthu okhala pafupi asowa nkhuni monga anzao onse. Chimene chasunga mitengoyo ndi lamulo. Palibe analilemba m'buku, koma onse alidziwa: munthu salowa kumanda ndi nkhwangwa popanda mau a mfumu, ndipo wopezeka atatero alipa mlandu. Chomwecho chioneka ndi ku Chileka, ndi ku Lirangwe, kumpoto kwa Blantyre. Pamene anthu avomerezana pa lamulo, mitengo ikhala. Pamene lamulo palibe, kapena lilipo koma anthu saliyesa kanthu, patsala zitsa zokhazokha.

Nanga mudzi wonse uvutikiranji ndi mtengo umodzi? Pakuti mtengo sugwirira ntchito mwini nkhwangwa yekha. Masamba ake alandira mvula kuti isamenye nthaka ndi mphamvu, mizu yake igwira dothi, ndipo madzi alowa pansi pang'onopang'ono nakatulukira pa kasupe ndi m'zitsime nyengo ya chilimwe. Mitengo ikatha, madzi athamanga pamwamba, nakokolola dothi la chonde, nakumba zigwembe m'minda ya anthu amene sanadule kanthu. Ndipo choipacho sichilekeza pamudzi. Mitsinje ya Lunzu ndi Lirangwe itengera matope ake ku Shire, ndipo pa Shire pali Nkula, pamene makina a magetsi anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966. Matope ndi mchenga zikachuluka pa damu, makina afooka, ndipo magetsi achepa m'dziko. Madzi ambiri amene anthu a mumzinda wa Blantyre akumwa apopedwa mu Shire yemweyo, pa Walker's Ferry. M'mwezi wa Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, nizikwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Mvula ija inali yoopsa ndithu, koma inagwa pa phiri limene mitengo yake yambiri inali itatha kale.

Malamulo olembedwa a mitengo sanayambe dzulo. M'chaka cha 1926, dziko lino likali kutchedwa Nyasaland, Boma linayambitsa nkhalango za midzi: mfumu ya mudzi inkapatula malo ena, niika malire, ndipo pamalopo munthu sanali kudula kapena kulima koma ndi chilolezo chake. M'chaka cha 1933 mafumu akulu anapatsidwa mphamvu ya kuika malamulo m'madera ao ndi kuweruza milandu m'mabwalo ao, ndipo mu 1942 munaikidwa lamulo la nkhalango limene linakhala zaka zoposa 50. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kunadzanso malamulo a malimidwe, okakamiza anthu kupanga mizere ndi migula, ndi kuleka kulima m'mphepete mwa mitsinje. Zina za m'malamulowo zinali zanzeru, koma zinadza ndi chindapusa ndi ndende, popanda kufunsa eni minda, ndipo anthu anadana nazo. Atsamunda atachoka mu 1964, ambiri anayesa kuti malamulo otere achoka nao pamodzi. Anthu nao anachuluka, malo olima nachepa, ndipo nkhalango zambiri za midzi zinasanduka minda.

Boma la Malawi linayesa njira zina. Kuyambira 1976 panali tsiku la kubzala mitengo m'dziko lonse, pa 21 Januwale, ndipo ana a sukulu ananyamula mbande zambiri chaka ndi chaka. M'zaka za m'ma 1980, ndi thandizo la dziko la Norway, Boma linayamba kubzala bulugama m'madera ozungulira Blantyre ndi Zomba kuti a mumzinda apeze nkhuni, ndipo malo obzalidwa anaposa mahekitala 4,000. Pambuyo pake minda ya mitengoyo inaperekedwa m'manja mwa midzi, ndipo m'midzi yambiri inadulidwa msanga, osabwezera. Kubzala kunali kwapafupi. Chovuta chinali kupangana kuti adule ndani, liti, ndi kuti akadula abwezere chiani.

Lamulo la nkhalango limene ligwira ntchito tsopano linaikidwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 1997, nilikonzedwanso mu 2020. Ilo siliyesa mitengo yonse chimodzimodzi. Mtengo umene munthu anaoka yekha pamalo pake ndi wake. Akhoza kuudula, kuugulitsa, kapena kuusiyira adzukulu ake. Pa malo a mudzi osapatulidwa, munthu wa m'mudzimo aloledwa kutola nkhuni ndi zina zofunika pakhomo pake, koma si za malonda. M'nkhalango za Boma, monga ya m'phiri la Michiru pafupi ndi Chileka, munthu salowamo ndi nkhwangwa wopanda chilolezo cholembedwa. Ndipo pali mitengo ina yotetezedwa, monga mbawa, mlombwa ndi muwanga, imene munthu ayenera kuyamba wafunsa kwa a zankhalango asanaikhudze.

Lamulo lomwelo linautsanso nkhalango za midzi. Mfumu, itapangana ndi a zankhalango, ikhoza kupatula malo amene sanagawidwe kwa munthu, ndipo anthu asankha komiti yoyang'anira zachilengedwe. Komitiyo, pamodzi ndi mfumu ndi anthu onse, ipangana malamulo a nkhalangoyo, niwalemba, niwapereka kwa akulu a Boma kuti awavomereze. Pamwamba pa midzi pali Khonsolo ya boma la Blantyre, imene lamulo la maboma aang'ono la 1998 linaipatsa mphamvu ya kuika malamulo a m'dera lake. Ndipo ofesi ya zankhalango ya m'bomalo ndiyo itumiza alangizi kumidzi. Tsono m'malamulo a midzi otere ndimo mupezeka kawirikawiri mau akuti wodula kapena woononga mtengo aubwezere. Chiwerengero cha mbande chisiyana mudzi ndi mudzi, pakuti mudzi uli wonse upangana zake. Wina ungati zisanu, wina khumi. Malamulo amenewa asiyana ndi a malimidwe aja pa chinthu chimodzi chachikulu: eni mudzi ndiwo awaika pabwalo, ndipo woswa lamulo aswa mau amene iye mwini anaombera m'manja.

Mlandu wake uyenda motere. Munthu wina wadula mbawa usiku m'nkhalango ya mudzi, kuti acheke matabwa. M'mawa a komiti apeza chitsa, natsata mapazi kufikira pakhomo pake. Tsiku la mlandu anthu asonkhana pabwalo, ndipo nduna ya mfumu ifunsa kuti, "Bambo, kodi lamulo la mudzi uno simulidziwa?" Iye ati, "Ndilidziwa, amfumu, ndalakwa. Ndinasowa ndalama ya feteleza." Pamenepo matabwa alandidwa, ndipo munthuyo alipa chindapusa monga mudzi unapangana, kaya nkhuku, kaya mbuzi, kaya ndalama. Mlandu ukakula, kapena munthu akakana kumvera, nkhani ipita kwa gulupu, kwa mfumu yaikulu, kapena kwa a zankhalango ndi kukhoti. Koma chindapusa pachokha sichikonza kanthu paphiri. Mbuzi idyedwa tsiku limodzi, ndalama ilowa m'thumba la komiti, chitsa chikhala pomwepo. Chifukwa chake mudzi wanzeru uonjezapo mau akuti, "Mvula ikagwa mubzale mbande khumi pamalo pomwepo, ndipo muzisamale kufikira zitakula."

Wina angati, "Ndadula umodzi, ndibwezeranji khumi?" Mwana wodziwa masamu akhoza kumyankha. Mwa mbande khumi, ziwiri zikhoza kudyedwa ndi chiswe, ziwiri kufota ndi dzuwa la Okutobala, zitatu kudyedwa ndi mbuzi, ndi imodzi kupsa ndi moto wolusa. Zatsala zingati? Ziwiri zokha. Ndipo ngakhale ziwirizo sizilingana ndi mtengo unadulidwa uja. Mbawa yoyenera matabwa yakula zaka makumi angapo. Kapena inamera agogo a wodulayo akali kuyenda chokwawa. Mbande ya msinkhu wa chikhato siipatsa mthunzi, siigwira dothi lambiri, mbalame siimangamo chisa. Wodula watenga usiku umodzi chinthu chimene mudzi udzachionanso ana a sukulu a lero atamera imvi. Afanana ndi munthu wobwereka dengu la chimanga, amene abwera ndi mbeu ya m'manja nati, "Ndabweza." Iai, sanabweze, ngongole ikhalapobe kufikira mbeuyo italimidwa ndi kukololedwa. Momwemonso kuponya mbande m'dzenje sikutha mlandu. Mtengo wabwezeredwa pamene uli wamoyo, wapyola msinkhu wa mbuzi, ndipo ukhoza kudziimira pawokha m'chilimwe.

Lamulo silinena za nkhwangwa yokha, pakuti mtengo ufa imfa zambiri, ndipo zina za imfazo zidza ndi manja a ana. Anyamata osaka mbewa atentha tchire, moto nuwathawa, nulowa m'nkhalango. Mitengo yaikulu kapena ipirira, koma mbande ndi mphukira zonse zitha ora limodzi, ndipo ntchito ya zaka zitatu yapita. Wina afuna luzi nasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse. Iye ayesa kuti sanaphe mtengo, pakuti wausiya uli chiimire, masamba ake ali biriwiri. Koma chakudya chimene mtengo upanga m'masamba chitsikira ku mizu kudzera m'kati mwa khungwa. Njirayo ikadulidwa kuzungulira, mizu ifa ndi njala, ndipo patapita miyezi mtengo uuma. Ndicho chifukwa chake sing'anga wodziwa ntchito yake asenda mbali imodzi yokha, nasiya mbali ina kuti bala lipole. Ena athyola nthambi zonse pofuna mango kapena masuku ochepa. Ena asiya mbuzi osamangirira, ndipo mbuzi siisiyanitsa udzu ndi mbande. Pa zonsezi pali wolipa. Mbuzi siiitanidwa kubwalo, aitanidwa mwini wake. Ndipo mwana akatentha nkhalango, mlandu ugwera makolo ake ndi amalume ake, amene ayenera kuchita manyazi pamaso pa mudzi wonse ndi kufunafuna mbande.

Kubwezera kuli ndi kachitidwe kake. Mbande zifesedwa pa nazale miyezi ingapo mvula isanagwe, m'timachubu ta pulasitiki, ndipo zithiriridwa m'mawa ndi madzulo. Maenje akumbidwa nthawi ikalipo, masentimita 30 kapena kuposapo m'kuya kwake ndi m'kutambalala kwake, motalikirana mamita awiri kapena atatu. Dothi lapamwamba liikidwa padera, kuti libwerere pansi pa dzenje pamodzi ndi manyowa. Pooka, chubu chichotsedwa bwino osamwaza dothi la ku mizu. Ambiri pofulumira aoka ndi chubu chomwe, nadabwa pambuyo pake kuti mtengo wapinimbira. Nyengo ya kubzala mitengo imene Boma linaika iyamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, koma kumalo otentha monga Lirangwe ndi Chileka, kumene mvula ileka msanga, wobzala m'Malichi wachedwa. Akulu ati m'mera mpoyamba: mbande yookedwa m'Disembala kapena m'Januwale imwa mvula miyezi itatu, mizu yake nitsika pansi chilimwe chisanafike. Pambuyo pake pafunika kupalira, kukumba kabeseni kozungulira kuti madzi akhalepo, kutchinga ndi minga, ndi kulambula udzu m'malire usanaume kuti moto ukafika usowe podutsa.

Ndiponso si mtengo uli wonse uyenera malo ali onse. Bulugama akula msanga, apatsa milimo ndi mapaso m'zaka zowerengeka, ndipo akadulidwa aphukanso pa chitsa. Koma akumwa madzi ambiri, ndipo chimanga sichikondwa pafupi naye. Sayenera kuokedwa pa kasupe kapena m'mphepete mwa mtsinje. Kumeneko kuyenera mbawa, mkuyu, katope ndi nsungwi. M'munda muyenera nsangu, mtengo wodabwitsa umene uyoyola masamba ake m'dzinja, pamene mitengo ina ikubiriwira, kotero kuti suphimba chimanga koma uchipatsa manyowa. Pakhomo payenera keshya wa nkhuni ndi mitengo ya zipatso. Wodula mbawa ya m'mphepete mwa mtsinje nabwezera bulugama wachita monga wotenga ng'ombe nabweza nkhuku, nkhukuyo nikhalanso yodya mbeu za eni ake.

Pali njira inanso yobwezera mitengo, yosafuna nazale kapena ndalama, imene anthu aiiwala chifukwa chakuti iribe mwambo wa tsiku lobzala. Mitengo yambiri yachilengedwe, monga tsamba, mombo ndi naphini, siifa ikadulidwa. Chitsa chake chiri ndi mizu yakale yofika pansi patali, ndipo mvula ikagwa chitulutsa mphukira zambiri. Munthu akasankha ziwiri kapena zitatu zamphamvu, nadula zotsalazo, nateteza malowo ku moto ndi ku mbuzi, mphukirazo zipirira dzuwa ndi chiswe koposa mbande zookedwa, osafuna kuthirira. Chitunda chimene chioneka chakufa, chikangopumula zaka zingapo, chivalanso tchire, ndipo bowa ndi nkhuni zogwa zokha ziyambanso kupezeka. Chifukwa chake wozula zitsa m'nkhalango ya mudzi, kapena wozitentha, alakwa koposa wodula nthambi. Iye wapha ndi mbeu yomwe. Alangizi aphunzitsa zotere m'midzi yambiri. Pakati pa 2007 ndi 2012, ndi thandizo la dziko la Japan, anthu a m'midzi ya kwa Kuntaja ndi kwa Kapeni anaphunzitsidwa kulera mitengo, kupanga akalozera m'minda, ndi kutseka zigwembe.

Koma chiripo chinthu chimene lamulo la mudzi palokha lilephera nacho, ndicho makala. Wodzuka m'bandakucha aona amuna alikukankha njinga zosenza matumba a makala m'miseu yolowera ku Blantyre, thukuta liri kamukamu. Mabanja ambiri a mumzinda aphikira makala, ndipo malinga ngati ogula alipo, ootcha sadzasowa. Kuotcha njerwa nako kudya mitengo yaikulu yambiri. Lamulo lokonzedwa mu 2020 linakulitsa chilango: wootcha, wonyamula kapena wogulitsa makala wopanda chilolezo akhoza kulipitsidwa kufikira K5,000,000 ndi kukhala m'ndende kufikira zaka 10, ndipo wopempha chilolezo ayenera kuonetsa m'mene adzasamalira ndi kubwezera mitengo. Chilangocho ncholemera, koma nkhaniyi iri ndi chisoni chake. Kawirikawiri wootcha makala ndi munthu wa munda waung'ono, amene chimanga chake chatha nkhokwe isanaone mvula, ndipo asankha pakati pa mtengo ndi njala ya ana ake. Wa njinga agwidwa panjira, pamene wophikira makalawo mumzinda adya nsima yake mwamtendere. Mudzi umene uli ndi munda wa mitengo yookedwa, wogawidwa magawo kuti chaka chino adule gawo ili pamene enawo akukula, ukhoza kupatsa anthu ake nkhuni ndi milimo ya malonda popanda mlandu. Mudzi wongoletsa, wosapatsa anthu poti apezepo, udzaweruza milandu yomweyomweyo chaka ndi chaka.

Lamulo lifanso ndi kukondera. Mfumu ikalipitsa mkamwini wosauka ndi kulekerera mphwake, kapena a komiti akagulitsa mitengo mobisa ndi kudya ndalama, anthu aona, ndipo usiku womwewo nkhwangwa zimveka m'nkhalango. Pa chifukwa chimenechi komiti iyenera kukhala ndi mlembi ndi msungichuma, ndi buku limene liwerengedwa pabwalo anthu onse alikumva: ndalama zalowa zingati, zagula chiani, ndani anadula, anauzidwa kubwezera mbande zingati, ndipo anazibzala pati. Mwana wa sukulu wodziwa kulemba ndi kuwerengera akhoza kuthandiza akulu pa ntchito imeneyi.

M'mudzi wosunga buku lotere, kuwerenga kwenikweni sikuchitika tsiku lobzala, pamene dothi liri lonyowa ndipo mbande zonse zioneka zamoyo. Kuchitika m'Novembala, dzuwa litaomba miyezi isanu ndi umodzi, mvula yoyamba iri pafupi. A komiti apita kunkhalango pamodzi ndi munthu uja wa mbawa, nayenda dzenje ndi dzenje. Pamene apeza kamtengo ka masamba, mlembi alemba. Pamene apeza kandodo kouma, akanda khungwa lake ndi chikhadabo kuona ngati m'kati mukali mobiriwira. Ngati mwa khumi zamoyo ziri zinai, maenje asanu ndi limodzi apakizidwa mvula ikagwa, ndipo dzina la munthuyo likhalabe m'buku kufikira Novembala wa chaka chamawa.